Funsani Amayi Aphunzitsi: Nsambo Ikakhwefuka

FUNSO

Amayi, ndikuphunzira uzamba ndipo ndili chaka chachiwiri. Sabata yatha, tikuphunzira za kutaya magazi mayi akangochira, aphunzitsi athu analemba pabolodi mawu akuti atonic uterus. Madzulo ake ndinatsegula dikishonale, koma tanthauzo loyamba la atonic limene ndinapeza linali la phatikizo losatsindikidwa polankhula. La minofu yolobodoka linabwera pambuyo. Kodi amenewa ndi mawu awiri amene angofanana kalembedwe, kapena ndi liwu limodzi? Nanga pofotokozera mayi ndi abale ake m'Chichewa, ndinganene kuti chiberekero chilibe mphamvu?

Wophunzira uzamba

YANKHO

Ndi liwu limodzi, mwana wanga, dikishonale yanu sinakusokeretseni. Koma zonena kuti chiberekero chilibe mphamvuzo muyambe mwaziimika kaye. Ndifikako. Mundilole ndiyambire pa nsambo.

Agiriki akale anali ndi mneni teinein, kukoka chinthu kuti chitambasuke, ndipo kwa mneniyu kunabadwa dzina lakuti tonos. Ife tili ndi mneni wogwirizana nalo ndendende, kukunga. Timakunga uta, timakunga ng'oma, woimba amakunga nsambo za gitala asanayambe nyimbo. Tonos ndiko kukungika kumeneko. Ka a kali koyambirira kwa atonic n'kokanira, kamagwira ntchito ya sa wathu uja wa m'mawu ngati wosamva kapena chosatheka. Ndiye atonos, kumene kunachokera liwu lanuli, ndi chinthu chosakungika, chokhwefuka.

Tsono taganizani za nsambo imodzi. Mukaikunga, kulira kwake kumakwera. Mukaikhwefula kumatsika, ndipo mukapitiriza imangoti lende, osaliranso. Mgiriki atamva mawu a munthu akukwera pa phatikizo limodzi, anaona ngati nsambo ya zeze wake yakungidwa pamenepo, n'kutchula kukwerako kuti tonos. Madokotala awonso pogwira mkono wa munthu wamoyo anamva kuti mnofu sukhala wotayirira ngati wa munthu wokomoka, uli ndi kukungika kwake ngakhale mwiniwake atangokhala phee. Nawonso anatenga liwu lomweli. Galen, dokotala wa ku Pergamon, amene anabadwa m'chaka cha 129, analemba za mkono woutambasula n'kuuimika m'malere: umaoneka ngati sukuchita kanthu, chonsecho minofu yake ili pantchito, monga mbalame imene imaoneka ngati yaima malo amodzi mumlengalenga. Chiyambire nthawi imeneyo liwuli lakhala ndi makomo awiri, kwa aphunzitsi a zilankhulo ndi kwa achipatala, ndipo a khomo lina kawirikawiri sadziwa kuti kwinako lilikonso.

Za zilankhulo ndi zimene ndaphunzitsa moyo wanga wonse, choncho ndichedwapo pang'ono.

M'Chigiriki chakale tonos sikunali kukuwa kapena kudinikiza phatikizo ayi, kunali kukwera kwa mawu ngati poimba. Apa ife olankhula Chichewa tili pafupi ndi Agirikiwo kuposa Mngelezi. Tatchulani mtengo umene uli ndi masamba, kenako mtengo wa katundu. Malembo ndi omwewo, koma pa woyambawo mawu amakwera pa te, pamene pa wachiwiriwo amangoyenda pansi kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Kapena tengani ndimathandiza. Mukakweza pa ndi, mukunena zimene mumachita masiku onse. Mukakweza pa tha, mukunena zimene munali kuchita kanthawi kapitako. Sitizilemba zimenezi, koma khutu limazigwira tisanayambe n'komwe sukulu. Agiriki iwo anayamba kuika timizere pamwamba pa malembo kuti asonyeze pokwera. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa timizereti ndi Aristophanes wa ku Byzantium, woyang'anira laibulale ya ku Alexandria zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe. Tinali ta mitundu itatu, ndipo tinakhala choncho mpaka 1982 pamene dziko la Greece linatsala ndi kamodzi kokha, kamene mpaka lero dzina lake ndi tonos. M'galamala ya Chigiriki chakale mulinso timawu 10 topanda kamzere kalikonse, monga en, kutanthauza mu, ndi ou, kutanthauza ayi. Timatchedwa atona. Sitiima patokha, timatsamira liwu lotsatira n'kutchulidwa nalo limodzi.

M'Chingelezi, Chisipanishi, Chipwitikizi ndi Chirasha nkhani ndi yosiyanako. Kumeneko phatikizo limodzi m'liwu limatuluka ndi mpweya wambiri, limatalika, limamveka bwino, ndipo enawo amalipatsa malo. Otsalawo ndiwo atonic. Ana a sukulu ku Spain ndi ku Portugal amaphunzira akadali aang'ono kusiyanitsa sílaba tónica ndi sílaba átona, poti kuphonya malo n'kusintha tanthauzo. M'Chisipanishi término ndi mapeto kapena malire, termino ndi ndikumaliza, terminó ndi anamaliza.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi chimene chimagwera phatikizo losakungikalo. Limafwifwa. Mngelezi potchula London, o wachiwiriyo samveka ngati o, pamangotsala kaliwu kosalongosoka, mwinanso kosoweratu. Akatswiri amakatcha schwa, dzina lochokera ku Chiheberi, ndipo m'Chingelezi mulibe vawelo imene imamveka kawirikawiri kuposa kameneka. Anthu a ku Russia amalemba Moskva koma amatchula ngati Maskva, chifukwa kutsindika kuli kumapeto. Zaka zikachuluka, phatikizo lotere limathothoka ngati dzino logwedera. Pali mndandanda wakale wa Chilatini wotchedwa Appendix Probi, momwe wolembayo ankakonza katchulidwe ka anthu wamba: muzinena oculus osati oclus, muzinena calida osati calda. Anthu sanamumvere. U wa pakati pa oculus, kutanthauza diso, anagwa ndithu, ndipo lero Mtaliyana amati occhio, wa ku Spain amati ojo. Liwu la Chilatini lakuti hospitale linafota mpaka kukhala hôtel m'Chifalansa.

Nafenso tili nazo m'kamwa mwathu momwemu. Phatikizo limene timalikoka m'Chichewa ndi lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka kothera chiganizo. Ndinkalemba pabolodi mizere iwiri. Kumanzere: munthu, mutu, mudzi, munda. Kumanja: mtima, mkono, mlendo, mphunzitsi. Onsewa tsinde lawo latsogozedwa ndi mu, nanga n'chifukwa chiyani akumanjawo alibe u? Ndinkawasiya ana alimbane nazo okha, ndipo chaka chilichonse pankapezeka mmodzi amene nkhope yake inkawala asanakweze n'komwe mkono. Kumanzereko mu wagwera pamalo okokedwa, ndiye u wapulumuka. Kumanjako mu wakankhidwira kutali ndi malo amenewo, u wagwa, m watsala yekha. Ndi njira yomweyo imene mu nyumba anakhalira m'nyumba.

Polankhula, phatikizo losakungika si lodwala. Popanda ilo lokungikalo silikanamveka, ndipo munthu wotchula maphatikizo onse a Chingelezi mofanana eni chilankhulocho amavutika kumumva ngakhale atapanda kuphonya lembo n'limodzi lomwe. Koma m'chipinda chochirira kukhwefuka kumapha, ndipo izi sindinazidziwire m'buku.

Pa mimba yanga yachitatu ndinachira mapasa, nditavutika usiku wonse ndi tsiku lomwe. Ana atabadwa, nsengwa itatuluka, ndinkayesa kuti zatha. Kenako ndinamva chinthu chofunda chikuyenderera pansi panga, m'makutu mukulira, nyali ya kudenga ikuchita kutalikira. Mzamba anaika dzanja pamimba panga, m'munsi mwa mchombo, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti, "Sichikuuma." Anayamba kutikita mwamphamvu moti ndinakuwa kuposa mmene ndinakuwira pobereka. Wina anandibaya jakisoni pantchafu, wina anaika diripi, wina analowetsa kapaipi kochotsera mkodzo. Dzanja lija silinachoke. Patapita nthawi ndinamva mawu omwe aja akuti, "Chauma tsopano," ndipo anatenga dzanja langa n'kuliika pamenepo kuti ndimve ndekha. Chinali chinthu chobulungira, cholimba gwa ngati nkhonya. Tsiku lotuluka ndinatsegula khadi langa n'kupezamo liwu limene ndinalidziwira m'buku la galamala. Ndinakhala pabedi paja ndikuliyang'ana nthawi yaitali, ana awiri ali m'tulo pambali panga.

Inu mukudziwa kale chimene chinkachitika m'kati mwangamo, koma owerenga ena sakudziwa. Mimba ikafika kumapeto, magazi opita kuchiberekero amafika theka la lita kapena kupitirira pa mphindi iliyonse. Nsengwa ikamatuka imasiya chilonda chachikulu chokhala ndi mitsempha yongoti yasa. Palibe amene amaimanga ndi ulusi. Minofu ya chiberekero inalukana mopingasa kuzungulira mitsemphayo, ndipo ikakungika imaifinya n'kuitseka. Ikapanda kukungika, magazi amapitiriza kubwera monga ankabwerera mwana ali m'kati, koma tsopano akuthera panja. N'chifukwa chake mabuku anu amaika malire pa mamililita 500 m'maola 24 oyamba, ndipo mwa amayi 10 alionse otaya magazi chotere, pafupifupi 7 gwero lake ndi kukhwefuka kumeneku. Mapasa, mwana wamkulu kwambiri ndi madzi ochuluka zimatambasula chiberekero mopitirira, ngati lasitiki amene wakokedwa mpaka kuiwala kubwerera. Kuchedwa kuchira kumachitopetsa. Chikhodzodzo chodzaza kapena kachidutswa ka nsengwa kotsalira zimachitchinga kuti chisafinyike. Jakisoni amene anandibaya uja ndi oxytocin. Henry Dale wa ku England ndiye anaona mu 1906 kuti madzi ochokera m'kachiwalo kena ka pansi pa ubongo amakunga chiberekero, ndipo Vincent du Vigneaud anakwanitsa kuwapanga mu labotale mu 1953, ntchito imene anapatsidwira mphoto ya Nobel mu 1955. Lero bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense azibayidwa mayunitsi 10 mwana akangobadwa, osadikira kuti magazi ayambe.

Tsopano tibwerere ku funso lanu lachiwiri. Mphamvu ndi kukungika si chinthu chimodzi. Mphamvu ndi zimene mnofu umapereka mukauitana, monga ponyamula katundu. Kukungika ndi zimene umasunga wokha musanauitane. Achipatala amaziyeza mosiyana. Pofuna kudziwa mphamvu amakuuzani kuti mukankhe dzanja lawo. Pofuna kudziwa kukungika amakuuzani kuti mulekerere mkono, iwo n'kumaupinda ndi kuuwongola kuti amve mmene ukukanira. Munthu amene anachita sitiroko akhoza kukhala ndi mkono wokungika kwambiri, wopindikira pachifuwa, wovuta kuuwongola, chonsecho sungathe kugwira ngakhale cholembera. Khanda lokhala ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Down syndrome kawirikawiri limakhala lolobodoka, mukalinyamula m'khwapa limachita ngati likupulumuka m'manja, koma limakula n'kumayenda ndi kunyamula zinthu. Kukungika kopitirira ndi hypertonia, koperewera ndi hypotonia, ndipo kukasoweratu ndi atony.

Chiberekero chimene changotulutsa mwana chasonyeza kale kuti mphamvu chili nazo. Chimene chikusowa ndi kubwerera n'kukhala chokungika. Komanso ndi mnofu wosamvera chifuniro cha munthu, ngati wa m'matumbo. Mayi sangachiuze kuti uma. Mukamuuza kuti chilibe mphamvu, iye amamva kuti wofooka ndi iye, ndipo abale ake amayamba kufufuza chimene analakwitsa ali woyembekezera. Mawu amenewo amasiya mlandu pamutu pa munthu wosalakwa, ndipo sauza aliyense chochita. Mzamba wanga uja anasankha bwino. Muzinena kuti chiberekero sichinaume, chakhwefuka, tikuchithandiza kuti chikungike. Kenako muchite monga anachitira iye. Mutenge dzanja la mayiyo, muliike m'munsi mwa mchombo, amve kusiyana kwa cholimba ndi chofewa. Mumuuze kuti akachipeza chafewa atikite ndi kuitana nthawi yomweyo, asasunge mkodzo, ndipo amuike mwana kubere, chifukwa kuyamwa kumatulutsa oxytocin wa m'thupi mwake momwe. Pamayeso lembani atonic uterus monga anakuphunzitsirani. Pabedi pa mayi lankhulani zimene dzanja lake lingathe kutsimikiza.

FUNSO

Amayi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4. Amatha kuyenda bwinobwino, mwadzidzidzi n'kungogwa chafufumimba ngati wina wamutchera mwendo, kenako n'kudzuka akulira chifukwa chomenyetsa chibwano. Adokotala analemba atonic seizures ndipo anati ndi matenda a khunyu. Koma odwala khunyu amene ndinawaonapo ine amauma thupi ndi kuphupha. Wangayu saphupha. Kodi sanalakwitse?

Bambo wodandaula

YANKHO

Bambo, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Kalata yanu ndaiika pamodzi ndi yapamwambayi chifukwa liwu lake ndi lomwelo, ndipo mukalimvetsa muona kuti zimene mwafotokoza ndi zimene adokotala analemba zikugwirizana.

Kugwa kumene munakuonapo kwa anthu ena kumatchedwa tonic-clonic. Dzinalo likunena zinthu ziwiri motsatizana. Tonic ndi pamene minofu yonse yakungika nthawi imodzi, munthu n'kuuma ngati thabwa. Clonic, kuchokera ku klonos, chipwirikiti m'Chigiriki, ndi kuphupha kotsatirako. Zonsezi gwero lake ndi kusokonekera kwa timagetsi ta mu ubongo. Koma kusokonekera komweko kukhoza kuchita zosemphana, kudula kukungika m'malo mokuonjezera. Munthu woimirira amaimirira chifukwa minofu ya m'khosi, kumsana ndi m'miyendo ili yokungika mosalekeza, iye osadziwa n'komwe. Ikalekerera kwa kamphindi, thupi limagwa ndi kulemera kwake konse, manja osafika n'kutsogolo komwe kuti atchinge. N'chifukwa chake mabala amakhala pachibwano, pamphumi ndi pamano. Kawirikawiri sikupitirira masekondi 15, ndipo nthawi zina kumangokhala mutu wokha kugwera pachifuwa, kapena chinthu kupulumuka m'manja. Ana ambiri otere amayamba adzudzulidwa kuti sayang'ana poyenda, wina asanazindikire kuti ndi matenda. Wanuyu musamukalipire akagwa. Palibe chimene akanachita.

Kugwa kwa mtundu umenewu kumaoneka kwambiri mwa ana, ndipo mwa ena kumabwera pamodzi ndi mitundu ina ya kugwa pa matenda otchedwa Lennox-Gastaut, dzina lochokera kwa madokotala awiri, William Lennox wa ku Boston ndi Henri Gastaut wa ku Marseille. Si mwana aliyense wogwa chonchi ali ndi matenda amenewo. Chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi kuyeza timagetsi ta mu ubongo ndi makina a EEG, pamodzi ndi zimene inu makolo mwaona ndi maso anu.

Mwina zingakuchepetsereni mantha kudziwa kuti thupi lililonse limaidziwa njira yodulira kukungika kwa minofu, ndipo limaigwiritsa ntchito usiku uliwonse. Mu 1959 Michel Jouvet wa ku Lyon, pofufuza tulo ta amphaka, anapeza kuti pa gawo la tulo limene ubongo umakhala uli piringupiringu ngati uli maso, minofu ya m'khosi imalekereratu. Mwa anthu ndi gawo limene timalota kwambiri. Ubongo umakhwefula minofu ya manja ndi miyendo n'kusiya ya kupuma ndi ya maso, kuti wolota akuthamanga asadzuke n'kuthamangadi. Ena amadzidzimuka kukhwefukako kusanathe, n'kupezeka ali maso koma akulephera kusuntha ngakhale chala, mpaka patapita kanthawi. Kwa mwana wanu kulekerera kwa minofuko kukubwera masana, ali chiimire, mosakonzekera, ndipo gwero lake ndi khunyu. Chimenecho ndicho chikufunika mankhwala.

Mankhwala amene apatsidwa musawadukize ndipo musawasiye nokha ngakhale papite milungu asanagwe, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa kugwa koopsa kuposa koyamba. Afunseni adokotala za chipewa chotetezera mutu chokhala ndi chotchinga chibwano. Asasambe kapena kusewera m'madzi yekha, asayandikire moto, asakwere pamwamba popanda womugwira. Aphunzitsi ake ndi onse omusamala muwauze kuti kugwako ndi matenda. Pezani kabuku kakang'ono kolembamo tsiku, nthawi ndi zimene amachita asanagwe, ndipo mukatha mujambule kanema pafoni, popeza kugwa kwa masekondi ochepa sikudikira kuti adokotala akuone okha. Kabukuko ndi foniyo muzipita nazo ulendo uliwonse wa kuchipatala.